Kukwatitsa mota ya magetsi ndi giyabokosi ya boti

Munthu wa kwathu ku Nkhotakota akamva kuti ndimagwira maganyu a maboti ku Johannesburg, amayamba waseka kaye. Nyanja yake iti? N'zoona, mumzinda muno mulibe nyanja, koma maboti alimo, ogona pa ngolo kuseri kwa nyumba za mabwana, kudikira Loweruka kuti awakokere ku Vaal Dam kapena ku Hartbeespoort. Chiyambireni kuzimazima kwa magetsi, kumene kunafika poipa mu 2023, mabatire a lithium anadzaza m'masitolo, ndiye ena mwa eni mabotiwa anayamba kuzula injini zokalamba za dizilo n'kuikapo mota ya magetsi. Ntchito yotereyi imatigwera ife odziwa kugwira sipanala, ndipo anzanga angapo, wina wa ku Rosettenville, wina wa ku Tembisa, akhala akundifunsa funso limodzimodzi: mota ndagula, giyabokosi ilipo, nanga ziwirizi ndizikwatitsa bwanji?

Ndiyankhe kamodzi pano. Ndikunena za boti lokhala ndi injini m'kati, lija shafiti ya pulopela imatulukira pansi cha kumbuyo, osati la injini yopachika kumchira ngati la asodzi a usipa.

Giyabokosi musaitaye

Ena adzakuuzani kuti mota ya magetsi siisowa giyabokosi, ingomangirirani ku shafiti ya pulopela basi. Zimatheka, koma pamafunika mota yapadera yoyenda mwachifatse ndi belingi ina yowonjezera, ndipo thumba limalira. Giyabokosi yakaleyo ili ndi ntchito ziwiri zimene ikukupatsani ulere. Yoyamba ndi kuchepetsa liwiro. Injini zing'onozing'ono za dizilo zimazungulira ka 3,000 mpaka 3,600 pa mphindi, pamene pulopela imakondwa ndi 1,000 mpaka 1,500. Yanmar 1GM10, ka injini ka silinda imodzi kamene kali m'maboti ambiri a matanga, kamafika 3,600, ndipo giyabokosi yake ya 2.62 imatsitsa liwirolo kufika cha m'ma 1,370. Mota ya 48V yozungulira ka 3,000 imangolowa m'malo mwa injiniyo, pulopela osaisintha.

Ntchito yachiwiri ndi imene anthu amaiwala. Pulopela ikamakankha madzi, mphamvu yonse yoyendetsa botilo imabwerera kudzera mu shafiti, ndipo amene amailandira ndi belingi yokhuthala ili m'kati mwa giyabokosi. Mabelingi a mota sanapangidwire katundu ameneyo, amangodziwa kuzungulira. Nayonso shafiti yolowera ya giyabokosi, ija inkalowa mu injini, imangodziwa kupotokoledwa, siifuna kukokeredwa m'mbali. Ndiye zonse zimene ndinene m'munsimu zikuchokera pa mawu awiriwa: mota isakankhidwe, shafiti ya giyabokosi isakokeredwe m'mbali.

Injini isanatuluke

Musathamangire kumasula. Tengani foni mujambule zonse, ndipo muyeze msinkhu wa giyabokosi kuchokera pa mitanda imene injini yakhalapo, mulembe pakhoma la boti ndi choko. Muonenso kumene injini imazungulirira. Zambiri, mukaima kumbuyo kwake mbali ya flywheel, chimbale cholemera chozungulira kumbuyo kwa injini, n'kuyang'ana kutsogolo kwa boti, zimazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi. Mota yanu iyenera kuzungulira chimodzimodzi. Jambulani muvi pa giyabokosi ndi penti kuti musadzakangane ndi mutu wanu pambuyo pake.

Mukalekanitsa injini ndi giyabokosi mupeza chitsulo chozungulira chomangidwa pa flywheel, cha masipuling'i kapena labala, chimene amati damper plate. Ngakhale chitachita dzimbiri motani, chimenechi musagulitse kwa a zitsulo zakutha. Pakati pake pali kachitsulo ka mano a m'kati kolumana ndendende ndi mano a shafiti ya giyabokosi yanu. Manowa amasiyanasiyana, ina 10, ina 20, ina 26, ndipo kukasemetsa atsopano ndi ndalama zambiri kuposa mtengo wa kapulingi yonse, chitsulo chimene chidzalumikiza shafiti ya mota ndi ya giyabokosi. Kachitsulo ka dzimbiriko ndiye chuma cha ntchito yonseyi.

Pomwepo gwedezani shafiti yolowerayo ndi dzanja. Ikamagwedera m'mbali, kapena pa silo, labala wotchinga oyilo kuti asatuluke, pakamanyowa oyilo, sinthani belingi ndi silo tsopano pamene njira ili pululu.

Kawerengedwe pang'ono

Yezani shafiti ya mota ndi vernier, osati ndi maso. Mamota a m'mafakitale kuno amayendera mamilimita: 24 kapena 28 ndi kiyi wa 8, 38 ndi kiyi wa 10. Koma mamota ambiri a mabatire ochokera kunja amayendera mainchi. Shafiti ya 7/8 ya inchi ndi 22.2 mm, siilowa m'bowo la 22. Ya inchi imodzi ndi 25.4, osati 25. Ndinaonapo munthu akukhomera kapulingi ya 22 ndi hamala ya makilogalamu awiri, kapulingi inalowa ndithu, koma mabelingi a mota anathera pomwepo.

Kenako mphamvu yopotokola. Tengani 9,550, muchulukitse ndi makilowati a mota, mugawe ndi liwiro lake. Mota ya 5 kW pa 3,000 ikupatsani 16 Nm (Nm ndi muyezo wa mphamvu yopotokola). Musagule kapulingi ya 16 Nm ayi, chifukwa mota ya magetsi ponyamuka imatha kutulutsa kawiri kapena katatu kuposa pamenepo, ndiponso kulowetsa giya kumagwedeza. Ine pa mota yotere ndimatenga kapulingi ya HRC 90, yolembedwa 80 Nm. Masitolo a mabelingi ku Selby, Booysens, Wadeville ndi Jet Park amakhala nazo. Mukapita, nyamulani manambala papepala ndi kachitsulo ka mano kaja m'thumba, bwana wa pakauntala aone yekha.

Kapulingi yake iti

Kapulingi ya zibwano, ya HRC kapena ya mtundu wa Lovejoy, ndi zitsulo ziwiri zolumana mano, pakati pali labala wooneka ngati nyenyezi. Ndi yotchipa, ndi yaifupi, labala wake amapezeka. Ya tayala, monga Fenaflex, imakhululuka kupendama kwambiri, mpaka madigiri 4, koma ndi yotakata ndipo m'maboti ang'onoang'ono nthawi zambiri malo sakwana. Yolimba yopanda labala, chipaipi chongowotcherera mbali zonse, imeneyo iwalani. Imaoneka yamphamvu, koma kulakwitsa kulikonse kumene mwachita imakupereka ku mabelingi kopanda chofewetsa.

Nanga lamba ndi mapule? Amathandiza ngati malo ndi ochepa ndipo mota iyenera kukhala pamwamba pa giyabokosi, kapena ngati liwiro silikugwirizana. Koma pule musaiveke pa shafiti ya giyabokosi. Lamba amakoka m'mbali. Ikani shafiti ina yaifupi yokhala pa ma plummer block awiri, mabelingi okhala m'nyumba zawo zomangira pansi, pule ikhale pakati pawo, kenako shafiti imeneyo ilumikizane ndi giyabokosi kudzera pa kapulingi.

Tsono mbali ya giyabokosi. Boolani mariveti a damper plate, mutulutse kachitsulo ka mano. Pitani nako kwa mmisiri wa lathe pamodzi ndi theka la kapulingi losaboola. Iye aseme kunja kwa kachitsuloko kuti kakhale kobulungira bwino, akuze bowo la kapulingi mocheperako pang'ono, akalowetse ndi pulesi, kenako awotcherere. Apa mumuuze mawu amodzi osamunyengerera: awotcherere kaye, chizizire chokha, ndiye abwezeretse pa lathe kuti awongole. Kuwotcherera kumakoka chitsulo. Akasema n'kumalizira kuwotcherera, mudzatenga chinthu chovina. Mukachiveka pa shafiti ya giyabokosi n'kuzunguza ndi dzanja, dial gauge, kawotchi koyezera kugwedera kwa chitsulo, isasunthe kupitirira 0.05 mm.

Kumbukirani kuti kachitsulo ka mano kamatsetsereka pa shafiti, sikamangidwa. Kakapanda chokaletsa kamayenda chammbuyo mpaka kukapala silo ya oyilo. Semetsani kamphete koika kumbuyo kwake kuti kakhale malire. Pa mano pakani girisi wakuda wa moly pang'ono chabe.

Ilipo njira inanso imene ndimaikonda damper plate ikakhala yabwinobwino: osaiphwasula n'komwe. Mumasemetsa chimbale chachitsulo chonga flywheel yaing'ono, chokhala pa shafiti ya mota, n'kumangapo damper plate yonse ndi mabawuti ake akale. Giyabokosi siidziwa n'komwe kuti injini inachoka. Koma njirayi imafuna mota ya flange, yomangidwa ndi mlomo wake osati miyendo, ndi chipaipi chosemedwa bwino cholumikiza mota ndi giyabokosi, chifukwa damper plate siikhululuka kupendama.

Mbali ya mota ndi yosavuta mukagwiritsa taper lock, bushi yopendekera imene imafinya shafiti mukamanga tisikuluwu take. HRC 90 imatenga bushi ya 1108, yofika shafiti ya 28 mm. Pukutani shafiti ndi bushi ziume gwa, osapaka oyilo popendekerapo, koma kadontho pa mazinga a tisikuluwu basi. Mangani mosinthanasinthana, gogodani bushi ndi kathabwa, mumangenso. Pomanga, kapulingi imasendera pang'ono, ndiye mpata wa pakati pa matheka awiriwo muuyeze mutamaliza kumanga, ufanane ndi umene walembedwa papepala la kapulingiyo. Nsonga za mashafiti awiriwo zisakhudzane.

Pokhalira pake

Pamene injini inalipo, giyabokosi inkalendewera kumbuyo kwake ngati mwana kumsana. Injini yachoka, mwana alibe womubereka. Mufunika puleti yoimirira, ya chitsulo cha 10 mm kapena aluminiyamu wa 12 mm, yokhala ndi bowo lolandira mlomo wozungulira wa giyabokosi, ndiponso miyendo yolimba yotsikira pa mitanda yakale ya injini. Puleti imeneyi ndiyo idzasenza kukankha konse kwa pulopela, choncho iikireni zochirikiza za ngodya zitatu kutsogolo ndi kumbuyo.

Mota ndi giyabokosi zikhale pa chimango chimodzi. Ndikubwereza, chimodzi. Mukaika mota pa thabwa lake, giyabokosi pa lake, boti likamapindika pa mafunde chilichonse chimalowera kwake. Ngati mukufuna malabala ochepetsa phokoso, akhale pansi pa chimango chonsecho, osati pansi pa mota yokha.

Mota ya flange ndiyo yosavutitsa. Wa lathe amasema chipaipi chachifupi chokhuthala, mbali ina mlomo wa mota, mbali ina mlomo wa giyabokosi, zonse osachimasula pa makina, ndipo mashafiti amapenyana okha. Mumuuze aboole zenera m'mbali loti muzionera labala. Mota ya miyendo ndiyo imafuna kudekha, ndipo apa ndi pamene ndinaphunzirira polira.

Kuwongola

Boti langa loyamba linali la bwana wina wa ku Alberton. Ndinamanga zonse pabwalo, ndikuyeza ndi diso limodzi lotsinzina, ndili ndi mtima woti labala alipo, adzakonza yekha. Pamtunda zinkalira bwino. Titafika ku Deneysville, pa Vaal Dam, tinayenda ngati theka la ola, kenako ndinayamba kumva fungo la tayala lopserera. Nditatsegula chivundikiro ndinapeza ufa wakuda uli mbwee pansi pa kapulingi, labala atatha ngati wadyedwa ndi makoswe, chitsulo chikutentha chosagwirika, oyilo wofiira akudontha pa silo. Tinabwerera ndi nkhafi, bwana ali duu. Nditayeza mawa lake, mota inali pansi ndi milimita imodzi yathunthu. HRC yaing'ono imalola 0.3 mm basi ndi digiri imodzi ya kupendama, ndipo amenewo ndi malire, si poyambira.

Ndiye chitani chonchi. Yambani ndi miyendo ya mota. Mangani mabawuti onse anayi, kenako muzimasula imodziimodzi mukulowetsa feeler gauge, timalata topyapyala toyezera mpata, pansi pa mwendowo. Mwendo umene ukudzuka kupitirira 0.05 mm ndi wopunduka, uikireni shimu, kalata kopyapyala kokwezera mwendo. Mukapanda kutero, nthawi iliyonse mukamanga mota imapotoka, manambala n'kumasinthasintha mpaka mutaganiza zoti wina wakulodzani.

Kenako msinkhu. Gonekani lula yachitsulo pamwamba pa matheka awiri a kapulingi, muunike ndi tochi kuseri. Kuwala kukamadutsa pansi pa lula mbali imodzi, mbali imeneyo yatsika. Yezani mpatawo ndi feeler gauge, muike mashimu a muyezo womwewo pansi pa miyendo yonse inayi. N'chifukwa chake ndi nzeru kupanga pokhalira mota motsikirako ndi milimita imodzi kapena awiri: kukweza n'kosavuta, kutsitsa n'kugayanso chitsulo. Chitini cha chakumwa chodulidwa ndi sizasi chimakhala cha m'ma 0.1 mm, chimathandiza poyesera, koma pomaliza ikani mashimu a stainless kapena brass, ndipo asapitirire atatu kapena anayi pa mwendo umodzi, chifukwa akachuluka amanyamphuka ngati sipuling'i.

Tsopano kupendama. Yezani mpata wa pakati pa matheka awiri aja pamwamba, pansi, kumanzere ndi kumanja. Pamwamba pakatakata kuposa pansi, kwezani miyendo yakumbuyo ya mota, yakutali ndi kapulingi. Pansi pakatakata, kwezani yapafupi. Za kumanzere ndi kumanja muzisuntha mota ndi bawuti yokankhira kapena hamala ya labala, pang'onopang'ono. Mukakonza kupendama msinkhu umasokonekeranso, ndiye mubwerere ku lula. Mudzazungulira kanayi kapena kasanu, musatope, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amene ali ndi dial gauge, kapena angabwereke kuntchito, amalizire nayo. Imangeni pa theka limodzi, nsonga yake ikhudze kunja kwa linzake, muzunguze mashafiti onse awiri pamodzi. Kusiyana kumene ikuonetsa pakati pa pamwamba ndi pansi ndi kuwirikiza kawiri kwa kulakwika kwenikweni, ndiye mukaona 0.4 muike shimu ya 0.2. Ine ndimasiya ikafika 0.1 kapena kuchepera. Mangani mabawuti a giredi 8.8 modutsanitsa, M8 pa 25 Nm, M10 cha m'ma 49 Nm, ndi manati a nyloc, kenako muyezenso komaliza. Zikatheka, boolani timabowo tiwiri todutsa mwendo ndi chimango mukhomemo mapini, kuti tsiku lodzachotsa mota idzabwerere pamalo pake. Pamwamba pa kapulingi ikani chotchinga. Chingwe cha jekete kapena chala cha mwana sizichedwa kukodwa.

Za magetsi, mwachidule

Mota ya 5 kW pa 48V imakoka ma amp opitirira 100. Batire limodzi la lithium la 51.2V 100Ah, lija la ma inverter a m'nyumba, limasunga 5.12 kWh, koma ambiri amadzizimitsa okha mukapitirira 100A, ndiye mufunika awiri ophatikiza kapena muchepetse malire mu controller, kabokosi kolamulira moto wopita ku mota. Waya akhale wa 35 mm² kapena kuposa, fyuzi pafupi penipeni ndi batire, ndi switchi yaikulu pamalo pamene dzanja la woyendetsa lifika osadzuka.

Rivesi ya mu controller muitseke. Kubwerera m'mbuyo kuzichitika ndi chogwirira cha giyabokosi monga kale. Magiyabokosi a oyilo wopopa ali ndi pampu yoyendetsedwa ndi shafiti yolowera, mukaizunguza chobwerera siipopa kanthu. Enawo makilatchi awo amagwira molimba chifukwa cha mbali imene akupotokoledwera, mukatembenuza amaterera n'kupsa. Polowetsa giya mota izizungulira pang'onopang'ono, osapitirira 1,000.

Malire a ma amp ndi ofunikanso pa chifukwa china. Ku Hartbeespoort namasupuni amadzaza ngati mu Shire. Akakulunga pulopela, injini ya dizilo imatsamwa n'kuzima, koma mota ya magetsi ilibe manyazi, imangokokabe moto mpaka china chithyoke. Ndiponso kuno tili pamwamba: Joni ali pa mamita 1,750, Vaal pafupifupi 1,500, pamene manambala olembedwa pa mota amawerengera malo osapitirira mamita 1,000. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, suziziritsa mokwanira, ndiye mota musaitsekere m'bokosi lopanda mazenera. Kunyanja kwathu, pa mamita 470 okha, vuto lake ndi kutentha kwa mu Okutobala.

Kuyesa

Thirani oyilo woyenera. Onani kapuleti ka pa giyabokosi, chifukwa za Hurth ndi ZF zing'onozing'ono zimamwa oyilo wofiira wa ATF pamene KM2P, giyabokosi ya ka Yanmar kaja, imamwa oyilo wa injini. Ngati giyabokosi yanu inali ndi choziziritsira oyilo cholandira madzi kuchokera ku pampu ya injini, pampu ija yapita, muike ina yamagetsi.

Pamtunda muyese mutamasula flange ya shafiti ya pulopela, chifukwa belingi ya labala imene shafitiyo imadutsamo potuluka pansi pa boti imafewetsedwa ndi madzi, ikauma imapsa mu mphindi zochepa. Zunguzani ndi dzanja kaye, kusamveke polimba. Yatsani pang'ono, muone ngati ikutsata muvi wa penti uja. Isiyeni mphindi 10, muzimitse, mugwire kapulingi. Yofunda pang'ono ili bwino, yootcha ikukuuzani kuti mubwerere ku mashimu.

Flange ya kumbuyo, yolumikiza giyabokosi ndi shafiti ya pulopela, imawongoledwa boti lili pamadzi, chifukwa pa ngolo boti limakhala mopindika mwina. La matabwa mulipatse masiku angapo limwe madzi lifufume. Gundanitsani nkhope ziwirizo popanda mabawuti, muyeze ndi feeler gauge mbali zinayi. Pa flange ya 100 mm kusiyana kusapitirire 0.1 mm, ndipo pokonza musunthe chimango chonse, mota musaikhudzenso. Kenako mangirirani boti padoko ndi zingwe zolimba, mulowetse giya, mukweze moto pang'onopang'ono mukuyang'ana ma amp. Akafika pamalire mota isanafike liwiro lake, pulopela yakula kapena giya yachepa. Mota ikamathamanga ma amp ali pansi, pulopela yachepa. Dziwaninso kuti kuno boti la mphamvu yopitirira 15 hp, cha m'ma 11 kW, limafuna woyendetsa wa chiphaso chovomerezedwa ndi SAMSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamadzi.

Pakatha maola 5 oyamba mangitsaninso mabawuti onse ndi tisikuluwu ta taper lock, musuzumire pansi pa kapulingi ngati pali ufa wakuda.

Inu amene mukusonkhanitsa zipangizozi kuti mukweze basi zikagwire ntchito ku Senga Bay kapena ku Monkey Bay, ntchito yonse ya lathe ithere konkuno, ndipo mota ndi giyabokosi muzimange pa chimango chake muyese zisananyamuke. Mugule malabala a kapulingi atatu, silo ya oyilo imodzi yapadera, mashimu ndi feeler gauge yake, muzikulunge m'chitenje muike m'chikwama cha m'manja. Achimwene akadzaimba foni ali pakati pa nyanja kuti labala watha, Wadeville idzakhala kutali.